Inu mukapita ku dimba, kagalu kamatsala ndi yani?

Tambala waciwiri akalira, midzi ya ku Ntengo-Wambalame imadzuka. Bambo atenga khasu, ulendo wa ku dimba. Mayi abereka mwana, asenza dengu, nawonso atsatira. Wina akukankha njinga yodzaza ndi matumba a mbatatesi, akuthamangira msika wa ku malire. Ana a sukulu atuluka. Dzuwa likamatuluka, pakhomo pali zii. Koma mukamvetsera bwino, kuseri kwa nkhokwe kukumveka kulira. Ndi kagalu kaja munatenga kwa alamu anu sabata yatha.

Mwina mukuti, "Aaa, nkhani ya galu nayonso n'kuilemba?" Inde, ndi nkhani ndithu. Kagalu kameneko kadzakhala pakhomo panu zaka zambiri. Kazisewera ndi ana anu tsiku ndi tsiku. Ndipo khalidwe lake likuumbidwa pa maola amene inu kulibe. Masana amenewo ndi amene adzakupatseni mlonda wabwino, kapena galu wakuba nkhuku, woluma ana, wobweretsa matenda.

Cifukwa cake tikukamba nkhaniyi tsopano

Pa 28 Setembro caka ciliconse, maiko amakumbukira tsiku lolimbana ndi ciwewe. Ku cipatala, pa Cipwitikizi, matendawa amawachula kuti raiva. Tsikuli linayamba kukumbukiridwa mu 2007. Analisankha cifukwa ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, wasayansi wa ku France. Iyeyu ndi amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wa ciwewe pomubaya katemera.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene kuno timaliti OMS, limanena kuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse. Ambiri mwa iwo ndi a mu Africa ndi ku Asia, makamaka a kumudzi. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa galu. Ndipo pa anthu 10 alionse amene amafa, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kuno ku Moçambique si nkhani yacilendo. Mu 2014 ciwewe cinabuka ku Maputo ndi ku Matola, ndipo cinapha anthu.

Mu 2015, OMS ndi mabungwe ena anagwirizana kuti pofika caka ca 2030 pasadzakhalenso munthu wofa ndi ciwewe cocokera kwa galu. Caka cimeneco sicili patali. Koma pangano lopangidwa m'maofesi a kutali silingatheke palokha. Limatheka kapena kulephereka pakhomo ngati panu.

Nanga kagalu kakulowapo bwanji? Ganizirani izi. Galu wamkulu ana amamuopa. Kagalu amakanyamula, amakafungata, amakapatsa cala kuti kalume. Kakawakanda ndi mano, palibe amene amalabadira. Kawirikawiri kagalu ndi kamene sikanabayidwe katemera. Ndiye ngati masana kamayendayenda kokha n'kulumidwa ndi galu wodwala kapena nkhandwe, matendawo amalowa m'nyumba mwanu kudzera m'manja mwa mwana.

Njira ziwiri zimene tinazolowera

Ambirife tikamacoka m'mawa timacita cimodzi mwa zinthu ziwiri. Tiyeni tizione bwinobwino.

Njira yoyamba ndi kukamangirira pa mtengo. Ine ndinacitapo zimenezi, ndipo sindidzaiwala. Nditangoyamba nchito, ndinatenga kagalu ka miyezi 2. Tsiku lina mu Outubro ndinakamanga pa mtengo wa mapicesi, n'kuika madzi m'mbale. M'mawamo panali mthunzi wabwino. Ndinaiwala kuti mthunzi umayenda. Pobwera madzulo ndinapeza kazungulira mtengo mpaka cingwe cafupika, madzi katayira pansi, ndipo kagona padzuwa. Sikanafike m'mawa. Sindinali munthu wankhanza. Ndinangokhala wosadziwa.

Cingwe cili ndi zoipa zinanso. Cimatha kukapotokola khosi. Galu wacilendo akabwera, kagalu komangidwa sikangathawe. Ndipo galu wokulira pa cingwe nthawi zambiri amakhala wamantha ndi wolusa, cifukwa anazolowera kuti coopsa cikabwera, cothandiza n'kuluma basi.

Njira yaciwiri ndi kukasiya kuti kazidzionera kokha. Timati, "Ndi galu ameneyu, adziwa yekha." Zoona kadziwa, koma kadziwa ciyani? Njala ikakapweteka, kapita kudzala. Kadya zonyansa kuseri kwa cimbudzi. Kapeza dzira m'cisa ca nkhuku ya a neba, kalawa, kaona kuti ndi lokoma. Mawa kagwira mwanapiye. Pakutha mwezi muli pa bwalo la a mfumu, mukulipira nkhuku. Pamsewu pali njinga zamoto. M'madimba muli zitsime zosavindikira. Palinso matenda ena oopsa a tiagalu, osanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, amene kacilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri pamene galu wodwala anacitapo cimbudzi.

Njira zonse ziwirizi zili ndi vuto limodzi. Zimatenga kagalu ngati galu wamkulu. Pamene kagalu ndi khanda.

Dziwani msinkhu wake

Kagalu kayenera kukhala ndi make mpaka katakwanitsa masabata 8, ndiye kuti miyezi 2. Anthu ambiri amafulumira kukatenga kali ndi mwezi umodzi, poopa kuti ena awatsogolera. Kagalu kotere kamalira usiku wonse, kamadwaladwala, ndipo sikanaphunzire kwa make ndi abale ake kuti kuluma kumapweteka. Ngati mwakonda kena, kaikeni cizindikiro, gwirizanani ndi mwini wake, dikirani. Make ndiye mlezi wabwino kuposa wina aliyense, ndipo sakulipiritsani.

Mimba ya kagalu ndi yaing'ono. Sikangadye kamodzi n'kukhala tsiku lonse. Kosafika miyezi 3 kamafunika kudya kanayi pa tsiku. Kuyambira miyezi 3 mpaka 6, katatu. Kakapitirira pamenepo, kawiri n'kokwanira.

Mkodzonso sikatha kuusunga nthawi yaitali. Ka miyezi 2 kamapirira maola 2 kapena kuposerapo pang'ono. Ka miyezi 4, maola ngati 4. N'cifukwa cake kukatsekera m'nyumba kapena m'khichini tsiku lonse sikuthandiza. Mukapeza kaipitsa, musakamenye. Sikanacite mwano, thupi lake ndi limene silinakhwime.

Koma pali nkhani yabwino. Kagalu kamagona kwambiri, maola 18 kapena kuposa pa tsiku. Ndiye sikafuna munthu wokhala nako nthawi zonse. Kamafuna malo abwino ogona, madzi, ndi munthu wobwera kudzakaona masana.

Cina cofunika ndi ici. Kuyambira masabata 3 mpaka pafupifupi miyezi 3, kagalu kamaphunzira kuti mnzake ndani, mdani ndani. Kakazolowera ana, nkhuku, mbuzi ndi alendo pa nthawi imeneyi, kadzakhala nazo bwino moyo wonse. Kakakhala kokhakokha kapena kumangomenyedwa, kadzaopa aliyense. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Mangani kakhola

Njira yacitatu ndi kakhola. Timamangira mbuzi, nkhumba ndi nkhunda. Kagalu kalekerenji? Simufunika simenti kapena waya. Nsungwi, mitengo ndi udzu n'zokwanira.

Kakholako kakhale ka mamita 2 mbali zonse, kapena kokulirapo. Zikani mitengo mothithikana kuti mutu wake usapanikizike pakati. M'munsi ikani miyala kuti kasakumbe. Theka la kholalo likhale ndi denga la udzu. Musadalire mthunzi wa mtengo okha. Pitani mukaone malowo m'mawa, masana ndi madzulo musanamange, kuti mudziwe mmene dzuwa limayendera.

Kuno kwathu ndi kumapiri. Mukudziwa nokha cisanu ca mu Junho ndi Julho, cija cimaumitsa zala m'mawa. Kagalu kamazizidwa msanga kuposa galu wamkulu. Kapangireni pogona pokwera pang'ono, poyala ciguduli kapena udzu wouma, ndipo muchinge mbali yocokera mphepo. Nthawi ya mvula, kumbani kangalande kuti madzi asalowe. Zoyalazo muziziyanika padzuwa ndi kuzisintha, kuti nthata zisaswane.

Pa ngodya yakutali ndi pogona thirani mcenga. Galu sakonda kuipitsa pamene amagona, conco kazolowera kupita pamenepo. Madzulo alionse cotsani zoipazo ndi khasu, mukataye m'cimbudzi kapena mukwirire mozama.

Kholalo likhale pafupi ndi nyumba, pamene kazimva mawu a anthu. Usiku kagone motetezeka, cifukwa afisi amatenga tiagalu.

Musangokaponyamo tsiku loyamba n'kucoka. Yambani tsiku limene muli pakhomo. Kapatseni cakudya m'kholamo, tsekani kwa kanthawi kocepa, kenako tsegulani. Bwerezani kangapo, mukutalikitsa nthawi pang'onopang'ono. Kazindikira kuti m'menemo ndi mwake, ndiponso kuti mukacoka mumabwerera. Musamakatsekere m'kholamo pokalanga. Ndipo khola si ndende ya moyo wonse. Mukabwera ku nchito, katulutseni kathamange, kakhale nanu pabwalo.

M'mawa musanacoke

Zimene muyenera kucita m'mawa sizitenga nthawi yoposa imene madzi osamba amatenga kuti afunde. Katulutseni kakadzithandize. Kapatseni cakudya. Sewerani nako pang'ono kuti katope, cifukwa kagalu kotopa ndi kokhuta kamagona. Thirani madzi atsopano. Kenako kalowetseni, tsekani.

Madziwo ikani m'cinthu colemera, monga mphika wakale wokwirira theka m'dothi, kuti kasagubuduze. Usakhale wakuya woti kangagweremo. Musagwiritse nchito cigubu kapena citini cimene munali mankhwala opopera mbewu, ngakhale mutacitsuka.

Nanga cakudya? Ambirife timapatsa galu mkute ndi zokokota za mumphika. Galu wamkulu amapirira. Kagalu kakukula, mafupa ake akufuna zambiri. Nsima yokha imakhutitsa koma sikulitsa. Phikani phala la mgaiwa, muikemo kapenta kapena usipa wosinja, dzira lophika, nyemba zopsa bwino kapena ufa wa soya wokazinga. Nsomba ikakhala ya mcere wambiri, yambani mwaiviika m'madzi. Sizifuna zambiri, kadzanja kamodzi basi.

Pali zina zimene simuyenera kukapatsa. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi a galu, conco msuzi wa anyezi wambiri si wake. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati minga n'kubaya m'matumbo. Mbatatesi zobiriwira kapena zomera zili ndi poizoni, ndipo kuno zimangomwazika paliponse nthawi yokumba. Mkaka wa ng'ombe umatsekula m'mimba tiagalu tambiri.

Musaunjike cakudya ca tsiku lonse m'mbale imodzi. Kadya conse nthawi imodzi n'kutupidwa, kapena cisasa ndi dzuwa, nchenche n'kudzazapo. Ca masana cisiyeni covindikira m'nyumba, kuti wobwera kudzakaona akapatse.

Kuyambira miyezi 3 mpaka 6 kagalu kamagulula mano ngati mwana, ndipo m'kamwa mumayabwa. Ndi nthawi imene kamatafuna nsapato ndi mphasa. Kasiyireni fupa lalikulu la ng'ombe limene sikangaswe kapena kumeza. Zitsononkho za cimanga muzicotse. Kakameza cidutswa, cimatseka matumbo, ndipo kumudzi kulibe wokang'amba kuti acicotse.

Munthu wa masana

Apa ndiye pagona nkhani. Khola lingakhale labwino bwanji, kagalu kakang'ono sikayenera kukhala kokha kuyambira m'bandakuca mpaka madzulo. Pafunika munthu wobwera kamodzi kapena kawiri. Nchito yake ndi yocepa: kukatulutsa, kukapatsa cakudya, kuona madzi, kukhala nako kanthawi, n'kukabwezera.

Munthu ameneyu mudzi uli naye. Pali agogo amene sapitanso kumunda wakutali. Pali mayi wa mwana wakhanda. Pali mnansi wogulitsa pa kaokala pafupi. Kambiranani nawo bwinobwino, musangoganiza kuti aona okha. Pobwera ku dimba muziwatengerako ndiwo kapena mbale ya mbatatesi. Mukatero, kagaluko kadzawadziwa, ndipo kakakula kazilondanso kwawo.

Sukulu zathu zambiri zimaphunzitsa ena m'mawa, ena masana. Zimenezi zingakuthandizeni. Mwana wolowa masana alipo m'mawa, wolowa m'mawa wabwera dzuwa lili pamutu. Mwana wa zaka 10 kapena kuposa angathe nchitoyi mutamuonetsa. Koma asajombe ku sukulu cifukwa ca galu. Ndipo mwana wamng'ono, woyamba kumene kuyenda, asatsale yekha ndi kagalu ngakhale kakuoneka kofatsa.

Anawo auzeni malamulo ocepa, osavuta kukumbukira. Osakagwira kakamadya kapena kakagona. Osakakoka mcira kapena makutu. Osalola kuti kanyambite kumaso kapena pa cilonda. Kusamba m'manja ndi sopo mukatha kusewera nako. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse: kakakuluma kapena kukukanda, nena tsiku lomwelo.

Lamulo lomalizali limadalira inu makolo. Ana ambiri amabisa bala la galu poopa kukwapulidwa. Mwana akabwera n'kunena kuti galu wandiluma, inu n'kuyamba ndi mbama, tsiku lina sadzanenanso. Ndipo bala lobisidwa ndi limene limapha. Muthokozeni kuti wanena, mutsukeni, zolangiza zibwere pambuyo. Paja nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Bwanji osangopita nako ku dimba?

Ena amatero, ndipo si zoipa kakakulako n'kubayidwa katemera. Kamakhala pafupi nanu, kamaphunzira kumva mawu anu. Koma samalani zinthu zingapo. Kapezereni mthunzi ndi madzi. Kasayandikire citsime. Tsiku lopopera mbatatesi, tomato kapena kabichi, kasiyeni kunyumba, cifukwa kamanyambita masamba ndi mapazi ake. Inu a ku Macanga ndi ena olima fodya, kasalowe m'cigafa, masamba a fodya ndi poizoni kwa galu. Mankhwala a makoswe nawonso muziika pamene sikangafike.

Pali cizolowezi cina coopsa. Munthu akaona nthata kapena nkhupakupa pa kagalu, amakasambitsa ndi mankhwala a kumunda kapena a dibi ya ng'ombe. Tiagalu tambiri tafa motero. Funsani alangizi a ziweto a ku SDAE mankhwala oyenera galu, ndi muyezo wa msinkhu wake.

Afunseninso za njoka za m'mimba. Tiagalu tambiri timabadwa nazo kapena kuziyamwa kwa make. Mukaona kamimba kotupa, nthiti zili pamtunda, ubweya wosasalala, ganizirani zimenezo. Madokotala a ziweto amalangiza kupereka mankhwala masabata 2 alionse mpaka miyezi 3, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Mazira a njokazi amatsala m'dothi, ndipo mwana wokwawa pabwalo amatha kuwameza. N'cifukwa cake tanena zokwirira zoipa za galu.

Katemera: adzapita nako ndani?

Akatswiri anapeza kuti agalu 7 pa agalu 10 alionse a m'dera akamabayidwa katemera caka ndi caka, ciwewe cimasowa poyenda n'kutha. Ndi njira yochipa kuposa kudikira kuti anthu alumidwe.

Kwa anansi athu a ku Malawi zinaoneka kuti n'zotheka. Mu 2015, bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre pa masiku 20. Sanangodikira pa malo amodzi kuti anthu abweretse agalu. Anayendanso khomo ndi khomo, cifukwa agalu ambiri sanabweretsedwe.

Kuno kwathu a za ziweto akabwera ndi kampanya ya katemera, amafika masana, nthawi imene inu muli kumunda. Akuluakulu kulibe, galu wapita koyenda, kagalu palibe wokanyamula. Mwayi umadutsa motero. Kagalu ka m'khola n'kosavuta kukapeza ndi kukanyamula. Ndiye a mfumu akalengeza tsiku, sankhiranitu munthu wopita nako. Kutaya theka la tsiku ku dimba si kutaya.

Ambiri amati, "N'kakang'ono, kadikire caka ca mawa." Ayi. Nthawi zonse katemera wa ciwewe amayambira pa miyezi 3, koma OMS imalangiza kuti pa kampanya, m'madera mmene ciwewe cilipo, ngakhale tiagalu tocepera pamenepo tibayidwe. Cifukwa cake n'coonekeratu. M'midzi mwathu agalu amabadwa ambiri ndipo amafa msanga, conco gawo lalikulu la agalu ndi ana. Tikawadumpha, 7 pa 10 uja sangakwane. Pitani nako, akakaone okha. Kakabayidwa kali kakang'ono, kadzabayidwenso ulendo wotsatira. Akakupatsani pepala, lisungeni pamodzi ndi makadi a ana a ku sikelo.

Kumbukiraninso kuti tili m'malire. Timagula ndi kugulitsa ku Biriwiri ndi ku Lizulu, tili ndi abale ku Ntcheu ndi ku Dedza. Galu sadziwa malire, ciwewenso siciwadziwa. Mukapatsidwa kagalu, kaya tsidya lino kaya tsidya ilo, funsani ngati make anabayidwa. Kagalu kotola panjira, kosadziwika kwawo, musakabweretsere ana.

Galu akaluma munthu

Ngakhale mutasamala, ngozi imacitika. Dziwani zocita.

Coyamba, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri othira, kwa mphindi 15. Ndi nthawi yaitali, musafupikitse. Kutsukako kumacotsa tizilombo tambiri. Musathirepo dothi, zitsamba kapena ubweya wa galu wootcha. Musamange balalo mothina.

Caciwiri, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo ndi laling'ono. Nenani kuti ndi galu, ndiponso ngati anabayidwa katemera kapena ayi. Akakutumizani ku cipatala cacikulu, pitani. Katemera wa munthu amabaya kangapo pa masiku osiyana, conco malizani masiku onse amene akulemberani.

Cacitatu, ngati galuyo ndi wanu kapena wa mnansi, mutsekereni masiku 10, mukumupatsa cakudya ndi madzi mosamala, ndipo dziwitsani a za ziweto. Akadwala kapena kufa m'masiku amenewo, kauzeni a cipatala msanga. Koma musadikire masiku 10 kuti mupite ku cipatala.

Ciwewe cimanyenga. Bala limapola, munthu n'kuiwala. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba patapita miyezi 2 kapena 3. Zikayamba, mankhwala palibe. Koma munthu akalandira katemera msanga, zizindikiro zisanaoneke, amapulumuka. Mu Junho 2024 bungwe la Gavi linalengeza kuti liyamba kuthandiza maiko osauka kupeza katemera ameneyu. Ndi nkhani yabwino, koma katemera ali ku cipatala sathandiza mwana amene bala lake labisidwa kumudzi.

Galu wa ciwewe sikuti nthawi zonse amalusa. Wina amaluma ciliconse n'kumayendayenda. Wina amangofooka, dovu lili cucucu, kukamwa kuli yasa, ngati fupa lamuima pakhosi. Mukaona zotere, musapise dzanja m'kamwa mwake kuti mucotse fupalo. Cotsani ana, itanani odziwa.

Zimene anthu amanena

Ena amati galu wokhuta salonda, ndipo kuti akhale wolusa uyenera kumumana cakudya ndi kumumenya. Taonani bwino m'mudzi mwanu. Galu wanjala usiku amakhala kuti? Amakhala kudzala kwa eni ake, akusaka cakudya, nyumba yanu ili yokha. Galu amalonda pamene amadya. Ndipo nchito ya mlonda ndi kuuwa kuti mudzuke, osati kuluma mwana wodzapala moto.

Ena amati katemera amafooketsa galu, sasakanso. Si zoona. Katemera sacotsa liwiro kapena fungo. Cimene cimafooketsa agalu athu ndi njala, njoka za m'mimba ndi nkhupakupa.

Enanso amati, "Ife tikuvutika kudyetsa ana, ndiye tizivutikanso ndi galu?" Funso limeneli ndi lomveka, ndipo sindikulipeputsa. Koma tiyeni tiwerengere. Mbali iyi kuli tsiku limodzi lodula nsungwi, kadzanja ka kapenta, ndi mbale ya mbatatesi ya agogo. Mbali inayo kuli nkhuku za eni zolipira, ndalama za njinga yamoto yopita ku cipatala maulendo angapo, masiku osathirira ku dimba, ndi mantha a miyezi yathunthu mukuyang'ana mwana. Cochipa n'citi?

Ndipo ngati mwawerengera n'kuona kuti panopa simungathe, palibe colakwa kukana kagalu. Nenani kuti, "Zikomo alamu, koma caka cino ayi." Kapena dikirani nyengo imene nchito yacepa, kuti miyezi yoyambayo mukhale pafupi. Walira mvula walira matope. Kagalu kamabwera ndi nchito yake.

Nchitoyo si ya moyo wonse. Pofika miyezi 6, kakhala kakudya kawiri pa tsiku, kakudziwa pogona pake, kakudziwa nkhuku za pakhomo, kabayidwa katemera. Miyezi yocepa yovutikayo imakupatsani galu wa zaka zambiri.

Ndiye madzulo ano, mukamadya nsima, funsani funso limodzi pabanja panu: mawa dzuwa likafika pamutu, adzakaone kagalu ndani? Musagone musanachule dzina la munthuyo, ndipo iyenso adziwe kuti ndi iye.